Kuphunzira kunena kuti "ayi": zoyenera ndi zosayenera

Mwezi ukamatha mumzinda wa Blantyre, foni ya munthu wapantchito sipuma. Akumudzi ku Thyolo kapena ku Chiradzulu akufuna ya feteleza. Mlamu wa ku Ndirande alandilodi amutsekera chitseko. Gulu la pa WhatsApp la ukwati wa msuweni likukumbutsa za sonkhe, ndipo ku ofesi kwadutsa pepala la chipepeso. Palibe chachilendo apa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi kwawo kumene anthu amawayang'ana m'manja. Kuthandizana ndiko kwatisunga, ndipo amene adaona momwe anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja adanyamulirana namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023 sangakunyoze.

Vuto lili pa munthu amene pakamwa pake sipatuluka "ayi". Amavomera mtima ukukana. Anthu amamutama kuti "uja alibe vuto, sakana munthu," pamene mwiniwake tulo sakupeza, ngongole zamukwana, ndipo mkwiyo umene amaubisira anthu akunja umakatulukira pa ana ake. Akatswiri a zamaganizo amaona khalidwe limeneli kawirikawiri mwa anthu amene amabwera ndi nkhawa komanso kukhumudwa kosatha.

Mankhwala ake si kusiya kuthandiza. Ndi kuika malire. Kumudzi timadziwa kuti oyandikana minda amakhala mwamtendere pamene malire akuoneka, ndipo milandu imapita kwa amfumu pamene chizindikiro chafufutika. Malire ndiwo amasunga ubale. Nazi zoyenera ndi zosayenera kwa amene akufuna kuphunzira luso limeneli.

1. DZIWANI CHIMENE CHIMAKUVOMERETSANI

Zoyenera: Musanavomere, dzifunseni kuti, "Ndikadakhala wotsimikiza kuti munthuyu sakwiya, kodi ndikadavomerabe?" Ngati yankho lili inde, mukupereka chifukwa cha chikondi kapena udindo, ndipo perekani ndi mtima woyera. Ngati yankho lili ayi, chimene chikukuyendetsani ndi mantha: kuopa kunenedwa, kuopa kutchedwa odzikuza, kuopa kusiyidwa nokha. Kwa ambiri mantha amenewa adayamba paubwana. Mwana wokulira kwa achibale amaphunzira msanga kuti malo ake m'nyumba amadalira kusavuta. Mwana woyamba kubadwa amene adalera abale ake makolo atamwalira amaphunzira kuti zofuna zake zimabwera pomaliza. Khalidwe limene lidamupulumutsa ali ndi zaka 10 ndilo likumumiza ali ndi zaka 40.

Zosayenera: Musatche mantha anu kuti umunthu. Pulofesa Chiwoza Bandawe, katswiri wa zamaganizo wa mumzinda muno, wakhala akulemba ndi kuphunzitsa kwa zaka zambiri za momwe umunthu ungakhalire maziko a thanzi la m'maganizo kwa Amalawi. Umunthu umati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo mawu amenewa akukuwerengani inunso. Ubale umene mmodzi amangopereka, wina amangolandira, wapendekera mbali imodzi. Makolo adazindikira zimenezi pamene adati chifundo chidapha nkhwali.

2. DZIPATSENI NTHAWI MUSANAYANKHE

Zoyenera: Munthu wozolowera kusangalatsa anthu amavomera pempho lisanathe n'kutha. Dulani liwiro limenelo. Nenani kuti, "Ndamva. Ndione kaye mmene zinthu zilili, ndikuyankhani mawa madzulo." Tchulani tsiku, ndipo tsikulo likafika yankhani ndithu, kaya ndi inde kaya ndi ayi. Usiku umodzi umakwanira kuti muone ndalama zimene zatsala, mukambirane ndi akunyumba, ndi kumva chimene mtima wanu ukunena popanda maso a wopempha kukuyang'anani.

Zosayenera: Musabisale kumbuyo kwa "ndiona." Mawu amenewa avulaza anthu ambiri m'tauni muno kuposa "ayi." Wopempha amawamva ngati lonjezo. Amakauza aphunzitsi aakulu kuti fizi ikubwera Lachisanu, amaleka kufunsa kwina, kenako amayamba kuimba foni imene siyankhidwa. Inuyo mumayamba kuzungulira njira kuopa kukumana naye pa Mibawa kapena mumsika wa Limbe. Pamapeto onse awiri mwataya: iye wataya masiku amene akadafunira thandizo kwina, inu mwataya mbiri ya kukhulupirika. "Ayi" wanenedwa Lolemba ndi wachifundo kuposa foni yozimitsidwa Lachisanu.

3. NDALAMA ZA ACHIBALE ZIKHALE NDI MUYESO

Zoyenera: Ikani thandizo la achibale m'bajeti monga momwe mumaikira lendi ndi magetsi. Sankhani kuchuluka kumene mungathe mwezi uliwonse, ndipo sankhaninso zimene zili patsogolo: mwina mankhwala a amayi, fizi ya mwana mmodzi, ndi thumba la feteleza nyengo ya dzinja ikamayandikira. Kenako auzeni eni ake momveka. "Amayi, mwezi uliwonse ndizitumiza mwakuti pa Airtel Money. Zikatha, ndiye kuti mpaka mwezi wamawa." Ndalama yochepa yodziwika tsiku lobwera imathandiza kuposa yambiri yobwera mwa apo ndi apo, chifukwa wolandira amatha kuikonzera. Ngati muli ndi abale ena opeza, khalani pansi mugawane katundu. Mutu umodzi susenza denga. Kumbukiraninso kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro a anthu ambiri sadathamange mofanana ndi mitengo ya zinthu. Lonjezo limene mudapanga zinthu zisanakwere muli ndi ufulu wolionanso, bola muwauze anthu nthawi ikadalipo.

Zosayenera: Musakatenge katapila kuti mupatse wina. Musatenge loni ku banki mkhonde kapena ku SACCO m'dzina lanu kuti ndalamayo akagwiritse ntchito mnzanu, ndipo musasainire munthu ngongole ngati simungathe kuibweza nokha iye atalephera, pakuti ndicho tanthauzo la saini yanuyo. Musabwereketse ndalama imene kutayika kwake kungakugwetseni. Ngati mukudziwa kuti sidzabwera, perekani yochepa ngati mphatso, nkhani ithere pomwepo. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Bambo amene aliyense amamudalira, koma iye alibe womuuza kuti zamuthina, ali pangozi.

4. MLENDO WA KUNYUMBA

Zoyenera: Kambiranani za nthawi mlendo asanakwere basi. Mphwanu akufuna kubwera kudzasaka ntchito ku mafakitale a ku Makata, kapena azakhali akubwera kudzadikirira wodwala ku chipatala cha Gulupu. Alandireni, koma funsani mwaulemu kuti akhala mpaka liti, ndipo nenani chimene nyumba yanu ingathe. "Achimwene, bwerani, mudzakhale miyezi iwiri. Ikadzatha tidzakhalenso pansi tione." Fotokozaninso za pakhomo: nthawi yotsekera geti, ntchito zimene aliyense amagwira, ndi zoti akayamba kupeza kangachepe adzaponyeko pa ufa ndi makala.

Zosayenera: Musamwetulire pa balaza n'kumang'ung'udza kuchipinda. Mlendo amene sadauzidwe kanthu sadziwa kuti walakwa, ndipo tsiku limene mudzaphulike chifukwa cha sopo kapena shuga, nkhani idzafika kumudzi ili yakuti mudamuthamangitsa chifukwa cha shuga. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Bangwe kapena ku Chilomoni ili ndi polekezera, ndipo kunena zimenezo koyambirira si mwano.

5. KUNTCHITO

Zoyenera: Dziwani chimene malamulo akunena. Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limati kwa ogwira ntchito ambiri maola a sabata asapitirire 48, ndipo opitirira apo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa. Limaperekanso tchuthi cha pachaka cholipidwa: masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Abwana akakuunjikirani ntchito, simukuyenera kuwakanira m'maso. Abwezereni chisankho: "Bwana, ndili ndi lipoti lija mukulifuna mawa, ndiye mwabweretsanso ili. Ndiyambe liti?" Mwatero mwaonetsa ulemu, mwaonetsanso kuti manja anu ndi awiri okha.

Zosayenera: Musakhale munthu amene anzake onse amamusiyira ntchito Lachisanu masana chifukwa "sadandaula." Amene amavomera chilichonse amachedwa pa chilichonse, ndipo tsiku lolakwitsa palibe amene amakumbukira kuti ankagwira ntchito ya anthu atatu. Komanso musaphatikize kufatsa ndi kulolera zachipongwe. Bwana wokukhudzani thupi, wokutumizirani mauthenga achisembwere usiku, kapena wokulonjezani kukwezedwa posinthana ndi chibwenzi akuphwanya lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Sungani mauthengawo, lembani masiku, ndipo kadandauleni kwa oyang'anira ogwira ntchito, ku ofesi ya zantchito kapena kupolisi.

6. MAUKWATI, MALIRO NDI ZA KUMPINGO

Zoyenera: Sankhani. Nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka lililonse limakhala ndi chinkhoswe, phwando lolangiza mkwatibwi kapena ukwati, ndipo chilichonse chili ndi nsalu yake, sonkhe yake ndi perekaniperekani wake. Onani amene ali apafupi ndi inu, amenewo muwachitire ndi mtima wonse. Kwa ena, tumizani kamphatso kamene mungathe ndi mawu a mafuno abwino. Maliro ndi nkhani ina: kufika pasiwa ndi ngongole ya tonse, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ngakhale pamenepo, kufika ndi kupepesa ndi udindo wanu. Kugula bokosi, kulipira galimoto yopita ku Mulanje ndi kudyetsa anthu onse nokha si udindo wa munthu mmodzi.

Zosayenera: Musalole kuikidwa m'komiti iliyonse. Mayi mmodzi yemweyo amapezeka ali msungichuma wa Mvano, mlembi wa kumlaga, wapampando wa zophika pa ukwati, ndiponso wa komiti ya sukulu. Ku mphakati wa Akatolika kapena ku msikiti nkhani ndi yomweyo: ntchito imathamangira amene sakana. Akakuikani pa gulu la WhatsApp osakufunsani, lembani mwachidule kuti, "Zikomo pondiganizira, koma ulendo uno sindikwanitsa kukhala m'komiti. Ndidzabwera tsiku la mwambo." Ndipo musalonjeze pagulu, dzina lanu litaitanidwa pa chimkuzamawu, ndalama imene mulibe. Kuwomba m'manja kumatha tsiku lomwelo, ngongole imatsala.

7. MAWU OKANIRA

Zoyenera: Kanani ndi mawu ochepa, aulemu ndi oona. Chikhalidwe chathu chili kale ndi njira zokanira wamkulu osamuchotsa ulemu. Paja amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Yambani ndi kuvomereza vuto lawo, nenani chimene simungathe, ndipo ngati chilipo, tchulani chimene mungathe. "Amalume, ndamva za denga, pepani kwambiri. Ndalama ya malata sindikwanitsa. Chimene ndingathe ndi kulipira mmisiri tsiku limodzi." Akaumirira, bwerezani mawu omwewo modekha, osakweza mawu, osaonjezera. Katswiri wa ku America, Manuel J. Smith, adatchukitsa njira yobwerezabwereza imeneyi mu 1975, ndipo alangizi ambiri akuiphunzitsabe chifukwa imagwira ntchito: wopempha akaona kuti yankho silikusuntha, amaleka kukankha.

Zosayenera: Musachulutse zifukwa, ndipo musaname. Chifukwa chilichonse chimene mwapereka ndi khomo limene wochenjera amalowerapo. Mukati "malipiro sadalowe," adzafunsa kuti alowa liti. Mukati "ndili ku Lilongwe," mawa mudzakumana naye pa Ginnery Corner. Bodza limafuna linzake lolichirikiza, ndipo likaululika, chimene chimapweteka mbale wanu si kukanidwa kuja koma kupusitsidwa. Musapepesenso kakhumi ngati mwapalamula mlandu. "Pepani" mmodzi ndi ulemu. Akachuluka amauza wopempha kuti mukudziona olakwa ndipo akangokankha pang'ono mugonja.

8. M'BANJA

Zoyenera: Gwirizanani awiri musanayankhe achibale a mbali iliyonse. Mabanja ambiri m'tauni muno sakangana chifukwa chosowa ndalama chabe, koma chifukwa wina watumiza kwawo mobisa. Khalani pansi muone kuti kuchimuna kupita zingati, kuchikazi zingati, ndipo aliyense akhale wolankhula ndi abale ake. Mwamuna ayankhe akwawo, mkazi ayankhe akwawo, ndipo mawu akhale akuti "tagwirizana." Pakati pa inu awiri, phunziraninso kunena zofuna zanu: kuti mwatopa, kuti mukufuna kuthandizidwa ntchito za pakhomo, kuti simukukondwa ndi mawu ena. Zikakanika, ankhoswe alipo pa ntchito yomweyo.

Zosayenera: Musamusandutse mnzanu chishango. Mawu akuti "ine ndikadakupatsani, koma mayi akunyumba akukaniza" amakupulumutsani inu kwa mphindi zisanu, koma amamupachika mkazi wanu kwa zaka. Apongozi ndi alamu adzamutcha wouma mtima, wodyetsa mwana wawo mankhwala, pamene chisankho chidali chanu. Chimodzimodzi mkazi amene amati "abambo salola" pa chinthu chimene iye mwini sakufuna. Kukana kwanu kukhale ndi dzina lanu.

9. KUFUNA UPHUNGU

Zoyenera: Pitani mukaonane ndi mlangizi ngati mwayesa nokha koma zikukanika, kapena ngati zayamba kuonekera m'thupi: kusowa tulo, mtima kuthamanga foni ikalira, mutu wosatha, kusafuna chakudya, kumwa mowa kuti muiwale. Mungayambire pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni, n'kufunsa za thandizo la zamaganizo. Akaona kuti n'koyenera amatumiza ku Gulupu, kumene kuli madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo, ena mwa iwo ochokera ku sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu. Mumzindamu mulinso alangizi olipiritsa, ndipo makampani ena ndi mipingo ina ali ndi awoawo. Funsani kumene mlangiziyo adaphunzira. Mwachitsanzo, koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa alangizi a zamaganizo. Funsaninso mtengo ndi kutalika kwa nthawi yokumana musanayambe.

Zosayenera: Musaganize kuti uphungu ndi wa anthu odwala misala okha, kapena kuti mukangolowa m'chipinda cha mlangizi ndiye kuti ulendo wa ku Zomba Mental wayambika. Amalawi ambiri adakumana ndi uphungu koyamba poyezetsa magazi, n'chifukwa chake ena amauona ngati chinthu cha nthawi ya tsoka. Si choncho. Ku Harare, dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene idaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adapeza kuti odutsa pa benchipo adapeza bwino kuposa amene adalandira chisamaliro cha nthawi zonse, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Kulankhula ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera kumachiza. Musaganizenso kuti kupita kwa mlangizi ndi kuchepa chikhulupiriro. Wodwala malungo amapemphera, amamwanso mankhwala.

10. M'CHIPINDA CHA MLANGIZI

Zoyenera: Pitani ndi nkhani zenizeni. M'malo monena kuti "anthu amandidyera masuku pamutu," fotokozani za Lachiwiri lapitali: ndani adapempha, adati chiyani, mudamva chiyani m'thupi, mudayankha chiyani, ndipo mumaopa kuti chichitika n'chiyani mukakana. Mlangizi wabwino amakuthandizani kuyesa maganizo amenewo ngati ali oona. Kodi n'zoona kuti mukakana kamodzi achibale onse adzakutayani? Umboni wake uli kuti? Njira yofufuza maganizo motere idakhazikitsidwa ndi Aaron Beck ku America m'zaka za m'ma 1960. Yembekezeraninso kuyeserera: mlangizi amakhala ngati amalume anu kapena abwana anu, inu n'kumayesa kuwakana mpaka mawu atazolowera pakamwa. Joseph Wolpe, dokotala wobadwira ku Johannesburg, adali mmodzi mwa oyamba kugwiritsa ntchito kuyeserera kotere pochiza nkhawa m'zaka za m'ma 1950. Mudzapatsidwanso ntchito yokachita kunyumba, kuyambira pa zazing'ono: kuitanitsa chenji yanu kwa kondakitala, kubweza ndiwo zimene simudaitanitse, kuuza mnzanu kuti lero simupita kokacheza. Funsani za chinsinsi tsiku loyamba. Zimene mwanena zimatsala m'chipindamo, kupatula pamene moyo wanu kapena wa wina uli pangozi.

Zosayenera: Musayambe kusangalatsa mlangiziyo. Ili ndi dzenje limene ambiri amagweramo: amati "zikuyenda bwino" pamene sizikuyenda, amavomera malangizo amene akudziwa kuti sakawatsata, amaopa kunena kuti sadamve. Ngati mawu a mlangizi sakugwirizana ndi moyo wanu, mwachitsanzo akulankhula ngati kuti mungathe kungowadula achibale n'kukhala nokha, muuzeni. Kutsutsana naye mwaulemu ndi gawo la maphunziro anuwo. Musayembekezerenso kuti akusankhirani zochita. Alangizi a chinamwali ndi a ukwati amauza munthu chochita. Mlangizi wa zamaganizo amafunsa mafunso kuti chisankho chikhale chanu. Ndipo musaleke mutapita kamodzi. Khalidwe la zaka 30 silisungunuka ndi ola limodzi. Ngati simukumvana ndi mlangizi wina, funani wina.

11. ZIMENE ZIMATSATIRA KUKANA

Zoyenera: Yembekezerani kuti ena akwiya. Mudzamva kuti "tauni yakusinthani," "mwayamba kudzimva," "mwaiwala amene adakulerani." Amene adzakwiye kwambiri nthawi zambiri ndi amene ankapindula kwambiri ndi kusakana kwanu. Inunso mtima udzakutsutsani, mwina usiku wonse. Kumva choncho sikutanthauza kuti mwalakwa. Ndi chizindikiro chakuti mwachita chinthu chosazolowereka. Pirirani, ndipo pitirizani kusonyeza chikondi m'njira zina: imbani foni kufunsa za moyo, kazondeni odwala, fikani pa zochitika. Anthu akaona kuti mwakana pempho koma simudawakane iwo, ambiri amabwerera.

Zosayenera: Musachoke ku mbali ina n'kukagwera ku inzake. Ena akangophunzira mawu akuti "malire" amayamba kukana chilichonse, kutseka manambala a achibale, ndi kulemba pa Facebook zonyoza "anthu ongofuna kudya za eni." Kumeneko si kuchira, ndi mkwiyo wakale umene wapeza chovala chatsopano. Makolo okalamba, ana anu, ndi ana amasiye amene mudavomera kuwalera ali ndi gawo pa inu, ndipo malire sachotsa udindo umenewo. Kumbukiraninso kuti anzanu nawo ali ndi ufulu wokukanani. Tsiku limene mudzapemphe n'kuuzidwa kuti "sindikwanitsa," landirani monga momwe mukufunira kuti ena alandire kukana kwanu.

12. PAMENE KUKANA KULI KOOPSA

Zoyenera: Siyanitsani munthu wovuta ndi munthu wankhanza. Ngati mumavomera chifukwa mukakana mumamenyedwa, kuopsezedwa, kulandidwa ndalama kapena kukakamizidwa kugonana, vuto si kufatsa kwanu. Ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso chokutetezani. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo ku Gulupu kuli malo amene wochitiridwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamodzi. Bungwe la YONECO lili ndi manambala aulere: 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndi 116 ya ana. Uzani munthu mmodzi wodalirika, sungani ziphaso zanu ndi za ana pamalo otetezeka, ndipo dziwani kumene mungathawire usiku.

Zosayenera: Musayese njira za m'ndime zapitazi pa munthu wachiwawa muli awiriwiri m'nyumba. Kuima nji pamaso pa womenya kungaonjezere ngozi. Musalolenso kuti mawu akuti "banja ndi kupirira" akubwezeni kumene moyo wanu uli pachiswe. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukubwererani, musadikire tsiku lokumana ndi mlangizi: uzani munthu lero lomwe, mupite naye kuchipatala.

POYAMBIRA

Musayambe ndi amalume oopsa aja kapena ndi abwana. Sabata ino sankhani pempho limodzi laling'ono limene mukadavomera monyinyirika, mulikane mwaulemu ndi mawu osapitirira ziganizo ziwiri, kenako muone chimene chichitike. Lembani chimene mumaopa ndi chimene chachitikadi, ndipo ngati muli pa uphungu, kapite nacho kwa mlangizi wanu. Sabata yamawa onjezerani china chokulirapo.

Ngati muli ndi ana, aloleni nawo aziyeserera pa inu. Mwana amene amaloledwa kunena mwaulemu kuti "sindikufuna kukumbatiridwa" kapena "ndatopa, ndimaliza mawa" ndiye adzathe kukana mnzake womupatsa chamba, mphunzitsi womufunsira, ndi bwana womudyera. Ulemu ndi kukana zimaphunzitsidwa pamodzi, ndipo munthu amene amadziwa zonse ziwiri ndi amene achibale ake angamudalire kwa zaka zambiri, chifukwa akati "inde," aliyense amadziwa kuti achitadi.